MAFUTA A GALIMOTO OCOKERA M'MAPESI

Nkhani ya pa wailesi, yokambidwa m'Cinyanja pa nthawi ya alimi

Inu a kwa Mwase ku Lundazi, nkhani yanga ya lero inabadwira kwanuko.

M'mwezi wa August ndinali paulendo m'dziko la Mfumu Yaikulu Mwase. Kukolola kunali kutatha, cimanga ciri m'nkhokwe, ndipo kulikonse kumene ndinaponya maso ndinaona utsi ulikukwera m'minda. Anyamata anali kuocha mapesi kuti akumbe mbewa, ndipo eni minda ena anali kusosa poyembekeza dzinja. Tsiku lomwelo, pa kasitolo ka m'mbali mwa mseu, ndinapeza mnyamata wa njinga yamoto alikugula petulo wa m'botolo. Anawerenga ndalama zace kawiri, napukusa mutu, nagula theka lokha. Sindinadabwe, pakuti petulo ameneyo ndi mlendo wocokera kutali. M'dziko lathu mulibe citsime ca mafuta. Amadza pa zombo kufika ku madoko monga Dar es Salaam ndi Beira, nayenda pamtunda masiku ambiri, ndipo kucokera ku Lusaka kokha kufika ku Lundazi pali makilomita oposa 700. Mtunda wonsewo amalipira ndi mnyamata uja.

Ndiri ciimire pamenepo, utsi kumanzere, botolo kumanja, ndinadzifunsa kuti: kodi cimene cirikupsya m'mundamo sicingasanduke cimene ciri m'botoloci? Yankho lace ndi lakuti cingathe. Akatswiri akhala akuyesa nchito imeneyi zaka zambiri, ndipo ena mwa anchito amene akufuna kuwalemba ndi tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, timene timakonda kukhala m'malo otentha koopsya. Ndifuna kukufotokozerani m'mene nchitoyi iyendera, pamene yafika, ndi cimene mlimi ayenera kusunga mumtima tsiku limene munthu adzafika pakhomo pace kudzagula mapesi.

Mphamvu ya m'mowa

Tiyambe ndi cimene amai athu adziwa kuposa ife. Mai akafuna kufulula mowa, amanyika cimanga kapena mawere, nazisiya kuti zimere. Cimera cimeneco amasinja nathira m'phala. Phala limene linali lolimba limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera, ndipo timati thobwa lapsya. Cacitika nciani? M'njere yomera muli mankhwala acilengedwe amene nchito yao ndi kudula ufa kuti usanduke shuga. Akatswiri amawacha ma enzyme, koma ife madzulo ano tiwayese timipeni tosaoneka.

Thobwa likagona masiku angapo, limayamba kuwira lokha popanda moto, thobvu liri pamwamba. Pamenepo alowa anchito ena, ndiwo yisiti, yemweyo wotupitsa buledi. Yisiti ndi kanthu kamoyo, kakang'ono kotero kuti m'dontho limodzi la mowa wowira muli mamiliyoni. Kamadya shuga, ndipo kakadya kamatulutsa zinthu ziwiri: mpweya umene umacititsa thobvu, ndi madzi oledzeretsa amene dzina lao ndi ethanol. Munthu amene anaonetsa poyera kuti kuwira kotere ndi nchito ya zamoyo anali Louis Pasteur wa ku France, kuyambira m'caka ca 1857. Ife tikamva mau akuti tizirombo timaganiza za malungo ndi cifuwa cacikulu, koma ticotse mantha: tizirombo tambiri sitidwalitsa munthu, ndipo tina ndi anchito athu okhulupirika.

Kulekanitsa ethanol ndi madzi kumatheka cifukwa ziwirizi siziwira pa moto umodzi. Madzi amawira pa madigiri 100, koma ethanol amawira pa madigiri 78, motero amayamba ndiye kukwera ngati nthunzi. Ophika kacasu adziwa ici ngakhale sanacilembe m'buku: nthunzi imadzera mumpope wozizira nigwa m'botolo. Fakitale imacita cimodzimodzi, koma ndi mipope yaitali ngati mitengo ya bulugamu, ndipo imabwereza kufikira madzi atatha pafupifupi onse. Cimene cimatsala sicakumwa ai. Ndi mafuta oyaka ndi lawi lobiriwira, oyendetsa injini, ophikira pa sitovu, ndiponso otsukira zipangizo m'cipatala.

Tsidya la malire, pa Dwangwa

Musaganize kuti ndirikukamba za kutali. Mukaoloka malire anu kulowa m'Malawi mumafika m'nkhalango ya Kasungu, ndipo m'menemo ndimo mucokera mtsinje wa Dwangwa. Mtsinjewo umatsika kum'mawa kukathira m'Nyanja ya Malawi, m'boma la Nkhotakota, ndipo pafupi ndi mathiriro ace pali minda yaikulu ya nzimbe ndi fakitale ya shuga. Popanga shuga pamatsala madzi akuda onanda, ochedwa molasses, amene akali ndi shuga wambiri wosatheka kuumitsa. M'caka ca 1982 anatsegula pamenepo fakitale ya kampani ya Ethanol Company Limited, yosandutsa molasses kukhala ethanol. Anatero cifukwa mtengo wa mafuta unakwera kwambiri pa dziko lonse mu 1973 ndi mu 1979, ndiponso nkhondo ya ku Mozambique inali kusokoneza njira za ku madoko. M'caka ca 2004 fakitale yaciwiri, ya PressCane, inayamba nchito ku Chikwawa, pogwiritsa molasses wa ku Nchalo. Ethanol ameneyu amasakaniza ndi petulo, nthawi zina magawo 10 pa 100, nthawi zina kufika magawo 20. Ku Zimbabwe anayamba zomwezi pa Triangle mu 1980, ndipo dziko la Brazil, limene linatsogola, linakhazikitsa nchitoyi mu 1975.

Koma molasses ali ndi malire, pakuti amangotsala pa shuga. Wofuna ethanol wambiri amayang'ana ku nkhokwe. Ku America amacita comweco: cimanga coposa gawo limodzi mwa magawo atatu ca zokolola zao cimapita ku mafakitale a ethanol. Thumba limodzi la makilogramu 50 limatulutsa malita ngati 20. Iwo angathe, cifukwa cimanga cao ncoculuka ndipo sadya nsima. Nanga ife? Tonse tikumbuka cilala ca 2024, pamene boma la Zambia linalengeza kuti dziko liri pa tsoka, ndipo mabanja ambiri anagona ndi njala. Kutenga thumba limene likadasunga banja milungu ingapo ndi kulithira m'thanki la galimoto, ndi nzeru imene agogo athu sakadaibvomera. Ndico cifukwa cace maso a akatswiri anatembenukira ku zimene munthu sadya: mapesi, zitsononkho, makoko a mtedza, udzu, utuci ndi zotsala za nzimbe zofinyidwa.

Shuga wotsekeredwa m'phesi

Mwina wina aseka nati, kodi m'phesi louma muli shuga? Inde ulimo, ndipo ngwambiri. Koposa theka la kulemera kwa phesi louma ndi shuga, koma wolumikizidwa mwamphamvu ngati mikanda pa cingwe. Cingwe cacikulu cimachedwa cellulose, ndipo ndico comwe capanga ulusi wa thonje. Pali cingwe cina cocepera, hemicellulose, cimene shuga wace ngwa mtundu wina. Zingwe ziwirizi zamatidwa ndi cinthu colimba cochedwa lignin, monga m'mene dothi limamatira nsungwi za nkhokwe. Timipeni ta m'cimera sitidula zingwezi, ndipo yisiti wamba sangazidye. Munthu atadya mapesi angafe ndi njala mimba iri yodzala.

Koma ng'ombe imadya mapesi ninenepa, ndipo ciswe cimamaliza mzati wa nyumba. Cinsinsi cao ncimodzi: zimathandizidwa ndi tamoyo tating'ono tokhala ndi timipeni toyenera. M'cifu ca ng'ombe muli tizirombo tosawerengeka timene timadula zingwezo, ng'ombe nilandira cakudya cophwanyidwa kale. Cotero khomo la nkhokwe imeneyi liri ndi mfungulo, ndipo mfungulo yace iri ndi tizirombo.

Njira imene mafakitale ayesa kwambiri iri ndi masitepe atatu. Poyamba amaduladula mapesi nawaphika ndi nthunzi, kawirikawiri pamodzi ndi asidi, kuti dothi lomata lija lisweke. Kaciwiri amathira timipeni togula, timene timapangidwa ndi nkhungu yoweta m'mathanki. Kacitatu amathira yisiti. Apa ndipo pagona bvuto. Timipeni timeneti timagwira bwino nchito pa madigiri ngati 50, koma yisiti amakondwa pa madigiri 30 kufika 35, ndipo kutentha kukapitirira 40 amafooka nayamba kufa. Kumbukirani kuti thupi la munthu liri pa madigiri 37. Ziri ngati kumanga m'goli limodzi ng'ombe ziwiri, ina yofuna kulima masana dzuwa liri pamutu, ina yofuna kulima mbandakuca. Mwini fakitale ayenera kusankha: kugwira nchito ziwirizo m'mathanki osiyana, kutenthetsa kenaka kuziziritsa, kapena kuziphatikiza pa kutentha kumene timipeni timacita ulesi, ndipo pamenepo agule tambiri. Njira zonse ziwiri zimadya ndalama.

Ngakhale fakitale ya molasses, imene siisowa timipeni, imalimbana ndi kutentha. Yisiti akamadya shuga amatenthetsa thanki, ndipo m'malo monga Chikwawa kapena cigwa ca Luangwa, kumene m'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, kuziziritsa thanki lalikulu si nchito ya masewera. Amai ofulula adziwanso kuti mowa wa m'cilimwe sucedwa kusasa.

Tizirombo tokonda moto

Tsono akatswiri anafunsa kuti, bwanji osafuna wanchito amene kutentha ndiko kwao? Anchito otere alipo, ndipo inu alimi mwakumana nao kale. Amene munaunjikapo manyowa a kompositi, ndowe, mapesi ndi masamba, mudziwa kuti pakapita masiku ocepa, mukalasa ndodo pakati pa muluwo ndi kuizula, imatuluka yotentha, ndipo m'mamawa mulu umafuka nthunzi. Palibe anasonkha moto. Ndi tizirombo tirikudya, ndipo pakati pa mulu wabwino kutentha kumafika madigiri 60 kapena 70. Pa kutentha kumeneko dzanja silipirira, mbeu za udzu zimafa, koma tizirombo timeneti ndi pamene tirikusangalala.

M'caka ca 1926, pa sukulu yaikulu ya Wisconsin ku America, akatswiri atatu, Viljoen, Fred ndi Peterson, anafotokoza za kacirombo kamene anakapeza m'ndowe za akavalo, kamene anakacha Clostridium thermocellum. Kamakula bwino pa madigiri 55 kufika 60, m'malo opanda mpweya. Kali ndi luso limene yisiti alibe: kamadzipangira timipeni take, tomangidwa mtolo umodzi pa khungu lace, ndipo kamakakamira pa cingwe ca cellulose ndi kucidula. Kakatero kamadya shuga wocokamo ndi kutulutsa ethanol. Nchito imene m'fakitale imafuna anchito awiri ndi mathanki awiri, iko kamaigwira kokha.

Malo ena opezamo tizirombo totere ndi akasupe a madzi otentha. Amene mwayendapo pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Lusaka mudziwa kasupe wa pa Chinyunyu, m'dera la Rufunsa, pamene madzi amatuluka pansi alikufuka. Ku Malawi aliko akasupe otere ku Nkhotakota, pa malo ochedwa Mawira, ndi ku Chiweta m'boma la Rumphi. Kale anthu ophunzira ankayesa kuti m'madzi otentha kwambiri simungakhale camoyo. Koma m'caka ca 1966 Thomas Brock, pofufuza akasupe a ku Yellowstone ku America, anapeza kacirombo kokula pa madigiri 70. Mu 1981 akatswiri ena awiri, Wiegel ndi Ljungdahl, anafotokoza za kacirombo kena kocokera m'akasupe omwewo, kamene anakapatsa dzina lakuti Thermoanaerobacter ethanolicus cifukwa kamapanga ethanol. Iko ndi abale ace amadya ngakhale shuga wa mtundu waciwiri uja, wa m'hemicellulose, amene yisiti wamba amamsiya m'mbale.

Ulikonso mtundu wa yisiti wopirira, wochedwa Kluyveromyces marxianus. Mu 1992 akatswiri analengeza kuti anapeza ena a mtundu umenewu pa fakitale ina ya mowa ku India, okhoza kukula pa madigiri 52 ndi kupanga ethanol pa madigiri 45. Ameneyu sadula zingwe yekha, koma angalime m'goli limodzi ndi timipeni togula popanda kukomoka.

Ubwino wa anchito okonda moto ndi uwu. Woyamba, ndalama zoziziritsira thanki zimacepa, ndipo m'maiko otentha ngati athu si cinthu cacing'ono. Waciwiri, tizirombo takuba, timene timalowa m'thanki ndi kusandutsa shuga kukhala zosasa, tambiri sitipirira madigiri 60. Wacitatu, kudula zingwe ndi kupanga ethanol kungacitike m'thanki limodzi, ndipo ngati kacirombo kadzipangira timipeni, ndalama zogulira timipeni zimapulumuka. Wacinai, madzi amene ali kale pa madigiri 60 safuna nkhuni zambiri kuti afike pa 78.

Cimene cikali kubvuta

Mukamva zonsezi mungati, nanga cikucedwetsa nciani? Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nkhono imeneyi yacedwa kutulutsa maso.

Bvuto loyamba ndi lakuti tizirombo tokonda moto tiri ndi mutu wofooka pa mowa. Yisiti wamba amapirira kufikira ethanol atakwana magawo 12 pa 100, ngakhale kupitirira. Koma kacirombo ka m'ndowe za akavalo kaja, monga kaliri m'cilengedwe, kamaledzera ndi kuleka nchito ethanol asanapitirire magawo 2. Mwini fakitale amafuna magawo osacepera 4 kapena 5, pakuti mowa ukakhala wamadzimadzi, moto woulekanitsira umadya phindu lonse.

Bvuto laciwiri ndi lakuti tizirombo timeneti sitipanga ethanol yekha. Shuga wina timamsandutsa asidi wa mtundu wa viniga, wina asidi wa mtundu wa mkaka wosasa. Ziri ngati wanchito amene mwamtuma kuumba njerwa, koma theka la dothi aumbira zidole. Pofuna kukonza ici, akatswiri amasintha malangizo a cibadwa amene ali m'kati mwa kacirombo. Mu 2008 gulu la Lee Lynd, pa sukulu ya Dartmouth College ku America, linatseka njira zopangira asidi m'kacirombo kena kocokera ku Yellowstone, ndipo kanayamba kutulutsa pafupifupi ethanol yekhayekha, magramu 37 m'lita imodzi. Kunali kupambana kwakukulu, koma kacirombo kameneko sikadula cellulose, ndipo kaja kodula cellulose sikanafike pa mphamvu ya yisiti. Nchito yophatikiza maluso awiriwa ikali m'manja mwa ofufuza.

Bvuto lacitatu ndi la ndalama. Kampani ina ya ku England, TMO Renewables, inamanga fakitale yoyesera pa Dunsfold mu 2008, pogwiritsa kacirombo kokonda moto ka mtundu wopezeka m'milu ya kompositi, koma mu 2013 kampaniyo inagwa. Ngakhale mafakitale ogwiritsa yisiti ndi timipeni togula anabvutika. M'cigawo ca Iowa ku America, kumene minda ya cimanga imafika kumene maso alekeza, anatsegula fakitale ya mapesi pa Emmetsburg mu 2014, ndipo mu 2019 eni ace analengeza kuti aimitsa kupanga. Ina, pa mzinda wa Nevada m'cigawo comweco, inatsegulidwa mu 2015 nitsekedwa mu 2017. Mapesi ngopepuka koma odzaza malo, amabwera ndi mcenga umene umaononga makina, amaola akabvumbwa, ndipo amapezeka kamodzi pa caka pamene fakitale ifuna kudya tsiku ndi tsiku. Kumene nchitoyi yapita patsogolo ndi ku Brazil, kumene kampani ya Raízen inatsegula fakitale yaikulu pa Guariba mu 2024. Cifukwa cace ncosabisika: zotsala za nzimbe zimakhala zitaunjikidwa kale pa cipata ca fakitale ya shuga. Motero kuno kwathu, ngati nchitoyi idzayamba, malo oyamba kuiona angakhale monga Dwangwa, Nchalo kapena Nakambala ku Mazabuka, ngakhale kumenekonso zotsalazo ziri kale ndi nchito yosonkhera moto wa makina.

Nanga ife a kumudzi?

Tsopano tibwerere kwa Mwase, ndipo titenge coko tiwerengere pamodzi. Munda wa cimanga umabala mapesi olemera pafupifupi cimodzimodzi ndi njere zace. Tiyerekeze mlimi amene wakolola matumba 40 pa hekitala, ndiwo matani 2. Mapesi ace ouma alinso ngati matani 2. Pamene zonse zayenda bwino, tani imodzi ya mapesi ouma imatulutsa malita ngati 300, cotero hekitala ija ingapereke malita 600. Si pang'ono ai, ndipo mnyamata wa njinga yamoto uja angamwetulire. Koma fakitale ya pa Emmetsburg inamangidwa kuti idye matani oposa 700 pa tsiku. Ndiye kuti pa tsiku limodzi ikadameza mapesi onse a mahekitala 350 a mlimi wathuyo, mawa enanso 350, mkuja cimodzimodzi. Ganizirani ngolo zimene zikadafunika, ndi minda imene ikadatsala yamaliseche.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga. M'mabuku a akatswiri mapesi amalembedwa ngati zinyalala, koma kumudzi si zinyalala. Ndiwo cakudya ca ng'ombe ndi mbuzi m'miyezi imene msipu wauma. Zitsononkho ndi nkhuni za mai kumene mitengo yatha. Koposa zonse, mapesi ndi cofunda ca nthaka. Akagona pamunda amachinga dzuwa, amasunga cinyontho, amacepetsa mphamvu ya madontho a mvula yoyamba kuti isakokolole dothi, ndipo ciswe ndi tizirombo zikawadya zimabwezera m'nthaka cakudya cimene cimanga cinabwereka. Alangizi a zaulimi amati gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka, kapena koposa, lizikhala lophimbika. Ngakhale ku Iowa, kumene nthaka njakuda ndi yozama, alimi ogulitsa ku fakitale ija analangizidwa kucotsa gawo locepa lokha, ngati limodzi mwa magawo anai, ndi kusiya otsalawo m'munda. Munthu wogulitsa mapesi ace onse caka ndi caka sagulitsa mapesi okha. Alikugulitsa munda wa ana ace pang'onopang'ono, ndipo ndalama zimene walandira adzazibweza kwa wogulitsa feteleza.

Cotero malangizo anga ndi atatu. Loyamba, tileke kuocha mapesi. Cinthu cimene akatswiri a maiko olemera aonongera cuma cambiri kuti acitsegule, ife tisacipereke kwa mphepo cifukwa ca mbewa zocepa. Laciwiri, tizirombo tokonda moto tingatilembe nchito lero lomwe, popanda fakitale ndi popanda ngongole. Unjikani mapesi, ndowe ndi masamba, thirani madzi, tembenuzani muluwo ukatentha, ndipo anchito osalipidwawo adzakupangirani manyowa. Mafuta a galimoto ndi a mawa, koma manyowa ndi a dzinja lino, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lacitatu, tsiku limene wogula adzafika ndi sikelo yace, musathamangire. Khalani pansi ndi mafumu ndi alangizi, nimufunse kuti atenga zocuruka bwanji ndi kusiya zocuruka bwanji, mtengo wace ngotani pouyerekeza ndi feteleza, ndiponso ngati phulusa ndi zotsala za m'fakitale zidzabwerera kumunda. Yambani kumpatsa zimene ziribe nchito yina: makoko a mtedza ounjikana pamalo osendera, ndi mitengo ya thonje imene timalamulidwa kuzula ndi kuononga cifukwa ca mbozi. Safunsa anadya phula.

Ndionjeze mau awiri acenjezo. Ethanol wa mafuta ndi wa pa sitovu amamthira dala mankhwala oipa kuti asamwedwe, ndipo womwa angacite khungu kapena kufa. Wina asamve nkhani yanga nayesa kuti ndayamikira kacasu. Ndayamikira nzeru ya mumpope, osati cimene cimacitika kwa munthu wokhala pansi pa mpopewo.

Potsiriza ndilankhule ndi ana a sukulu. Pamene ndinali pa sukulu ya mishoni, mphunzitsi wathu wa sayansi anatiyang'anitsa dontho la thobwa losasa pa galasi lokuza zinthu, ndipo ndinaona timipira ting'onoting'ono tirikuphuka tinzace. Ndinabwerera kumudzi pa chuthi nditayamba kulemekeza mphika wa agogo anga. Tizirombo tambiri timene ndachula madzulo ano tinapezeka m'ndowe, m'milu ya manyowa ndi m'akasupe, ndipo zonsezi tiri nazo. Amene anatipeza anali anthu okhala ndi botolo, cipangizo coyezera kutentha, ndi mtima wofunsa. Palibe lamulo lakuti kacirombo kamene kadzatsegula phesi kapezeke ku Yellowstone kokha. Kangakhale pa Chinyunyu, kapena m'khola la atate anu kwa Mwase, kalikudikira mwana amene adzalimbika masamu ndi sayansi.

Nthawi yanga yatha. Amene muli ndi mafunso lembani makalata, ndipo tidzayankha m'nkhani zikudzazi. Mukadzuka mawa, kalaseni ndodo pa mulu wa manyowa, muigwire ndi dzanja, mumve nokha anchito amene takamba. Gonani bwino nonse.